Chikuto cha Khungu la Nsomba

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1961, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndaimirira pano ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo.

Sukulu analekezera Folomu 2. Mu 1980 analowa ntchito pa kampani yosindikiza mabuku, komwe anaphunzira kusoka mabuku ndi singano ndi ulusi. Anakwatiwa mu 1984, ndipo alamu athu anatisiya mu 1999.

Chaka chomwecho anayamba kugwira ntchito paokha m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo. Ojambula ankabwera ndi zithunzi zawo, malemu n'kuzisoka kukhala buku limodzi lokha, lopanda linzake. Chikuto ankapangira khungu la nsomba lofufuta okha, chubu cha njinga, ngakhale lata ladzimbiri. Osunga mabuku osowa ankachokera kutali, n'kumagwira mabukuwo atavala magolovesi. Ife achibale tinkangowatcha a Zinyalala. Ena, ndipo muli pompano, munkanong'onezana kuti zikopazo n'zaufiti, moti ngakhale madzi a m'nyumba mwawo simunkamwa.

Pa 3 Febuluwale chaka chino anagwa ndi sitiroko. Ali chigonere m'chipatala, achibale ena anathyola loko wa kachipindako, ati kukonza m'nyumba. Anawotcha zikopa zonse, pamodzi ndi buku limene analisoka kwa miyezi isanu ndi itatu, lokutidwa ndi jekete la malemu amuna awo. Atatuluka m'chipatala, malemu anapempha kuti tiwakankhe pa njinga ya odwala mpaka kukachipindako. Anapeza mbee, pansi atakolopa bwinobwino. Sanalire, koma kuyambira tsikulo chakudya anachikana. Anamwalira pa 20 Malichi.

Akuluakulu anandiuza kuti izi ndisazinene pamaliro. Pepani, ndazinena. Mtima wanga ukuwawa, ndipo sindilola kuti alongo anga alowe m'manda ndi dzina la ufiti.

Asiya ana atatu ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino, amayi oyandikana nawo amene ankawasambitsa, ndi ojambula amene abwera kudzawaperekeza.

Buku limene nonse mwalembamo mayina pakhomo paja ndi lokhalo mwa ntchito zawo lomwe latsala m'banja mwathu, chifukwa linali kwa ine. Ndaona ena mwa othyola loko aja mukulisisita, mukuti n'lokongola. Limenelo ndi khungu la nsomba.

Alongo anga, manja anu agwira ntchito mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.