Woonda ngati ine, mafuta m'magazi?

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu abale. Ndine wothamanga wa ku Bembeke, ndipo mafuta a m'magazi anatsala pang'ono kundipha. Amene munkandiseka, werengani bwino, ndikunena inu.

Kochi wathu, a Gelevazio, ankati galimoto yothamanga imamwa mafuta ambiri. Tikatsika Phiri la Dedza tinkathera pa chiwaya: chipisi, nkhumba yonona, n'kuthiranso mafuta otsalira pansi. Ndinkati zonsezo zimatuluka ndi thukuta. Mkulu wanga ankadya chimodzimodzi, ndipo anagwa pabwalo la mpira osadzukanso. Tinati anamulodza.

Chaka chatha chifuwa chinayamba kundithina pokwera chitunda. Mayi Nadzimbiri, namwino wopuma wa mumphakati mwathu kutchalitchi, anandiuza kuti ndikayezetse mafuta a m'magazi. Ndinawayankha mwachipongwe: "Mayi, mafutawo ali mwa inu. Ine mukuwaona pati?" Anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti.

Anzanga omwewo, nditagwa pothamanga m'njira ya m'mitengo ya paini, anayamba kufalitsa kuti ndikutsatira mkulu wanga. A Gelevazio anandichotsa patimu osabwera n'komwe kudzandizonda. Zimenezo zimandiwawabe. Ndinkayang'ana ana anga awiri n'kumaona amasiye. Ndinagwada n'kuti, Ambuye, mayi anga asaike mwana wachiwiri m'manda.

Amene anagogoda pakhomo ndi mayi ndinawanyoza aja. Anandikokera kuchipatala ngati mbuzi yokana msika. Adokotala anandionetsa magazi anga m'kabotolo, pamwamba patayera ngati mkaka. Anati kuthamanga kumathandiza ndithu, koma sikufufuta zonse zimene mkamwa mwalowetsa, makamaka ngati vutoli lili kumtundu. Ndinalira, chifukwa ndinamvetsa chimene chinapha mkulu wanga.

Ndinayamba mankhwala, nyemba, masamba ndi mbatata yophika. Pa chiwaya amandikuwiza kuti ndasanduka mbozi yodya kabichi. Kuwizani! Poyezanso mafuta atsika, ndipo adokotala andilola kuthamanga pang'onopang'ono.

A Gelevazio, mukudyetsabe ana a eni zonona zija. Ndikuvutika kukukhululukirani, koma ndikupempherera zimenezo.

Ndikuyamika Mulungu, ndi inu mayi Nadzimbiri. Wakutsina khutu ndi mnansi. Abale, musafooke, pempherani ndipo kayezetseni ngakhale muli owonda. Lamulungu lapitali ndinapita kumanda a mkulu wanga ndi ana anga, ndipo tinabwerako tonse atatu.