Kalata ya Ubatizo Imene Inatsala Kutsidya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Sindine munthu wa mawu ambiri, koma munandipempha kuti ndilembe za vuto limene linatsala pang'ono kulepheretsa ukwati wathu wa m'tchalitchi, ndipo ndalemba monga mmene zinachitikira.

Ine ndi mkazi wanga Rozina tinakwatirana mwa mwambo, ndipo tinakhala kuno kwa Mphuka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ukwati wathu usanadalitsidwe. Zaka zonsezo Rozina sanalandire Ukaristia. Lamulungu lililonse anzake akamapita kuguwa, iye ankatsala pabenchi atawerama. Wolakwa ndinali ine. Kuti ukwati udalitsidwe pankafunika kalata ya ubatizo wake, ndipo iye anabatizidwa ali khanda kutsidya kwa mtsinje, cha ku Zumbo m'dziko la Mozambique. Akandikumbutsa ndinkati, "Kutsidya ndi pafupi, bwato likanyamuka m'mawa masana tabwerako." Ndinayankha choncho chaka ndi chaka, mpaka nkhondo ya ku Mozambique inatseka madoko.

Chaka chatha Rozina anadwala chifuwa miyezi itatu. Ndili pambali pa mphasa yake ndinaona kuti akhoza kupita asanalandire chimene ndinamumana. Atayamba kupeza bwino ndinamuuza kuti asankhe tsiku. Anasankha Khirisimasi. Anati akufuna kulandira Ambuye tsiku limene iwo anabadwa.

Tinayamba kukonzekera. Ndinapatula mbuzi imodzi ndi thumba la mpunga, telala anasoka diresi loyera, akwaya anayamba kuphunzira nyimbo. Amayi a kutchalitchi anagwirizana zokongoletsa khomo ndi masamba a mlaza, ndipo anati tidzaima pafupi ndi kakhola kaudzu ka Mwana Yesu. Ine, munthu wa imvi, ndinkakhala pakhonde ndikudula nyenyezi m'mapepala a makope akale.

Kumishoni wansembe anandilandira bwino, koma anandiuza zoona. Popanda kalata pankafunika mboni imene inalipo pa ubatizowo, yoti ilumbire. Zonsezi zikasowa, Rozina anayenera kuyambanso maphunziro a ubatizo, ndipo ukwati ukanadikira chaka china kapena kuposa. Makolo a Rozina anamwalira kale. Ndinapita kudoko kukapempha msodzi wina kuti andiwolotse. Anandiyang'ana nati, "Akulu, mukufuna amayi alandire kalata kapena mtembo?" Ena amene anathawa kutsidyako ankati kumishoni kwawo kulibenso munthu, ndipo za mabuku palibe amene ankadziwa.

Nditamufotokozera Rozina sanandikalipire. Anapinda diresi lija, naliika pansi pa bokosi. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko. Masiku amenewo pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, kuchedwa kunali kwanga, musamulange iye.

Kumayambiriro kwa Disembala, tikupalira chimanga, pakhomo panafika mayi wokalamba wothawa nkhondo, dzina lake Dominga. Ankapempha ganyu yoti alandirepo chakudya. Nthawi imeneyo alendo a kutsidya tinkawaopa, chifukwa sitinkadziwa amene akuwatsata pambuyo. Ndinamuuza Rozina kuti awauze apite ku boma kumene amalembetsa othawa. Iye anandiyankha motsitsa mawu, "Atate a Lusiya, ine ndinachokera kuti?" Anamasula thumba la mpunga wa ukwati uja, nawaphikira.

Atatha kudya, awiriwo anayamba kufunsana za kwawo, monga amachitira anthu a kumtsinje: mudzi uti, mwana wa yani, mdzukulu wa yani. Ine ndinali pakhonde ndikunola khasu. Rozina atatchula atate ake, a Zuze osema mabwato, mayi aja anaika pansi kapu ya madzi.

"Ndiwe uja wa a Zuze? Tembenuka ndione khutu." Rozina ali ndi kachipsera kobadwa nako kuseri kwa khutu lamanzere. Mayi aja atakaona anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndi iwe tinabatizidwa tsiku limodzi. Ine ndinali mtsikana wamkulu, iwe kakhanda kolira. Amako anandipatsira kuti ndikugwirire pomwe ankamanga duku, ndipo unandinyowetsa nsalu yanga yatsopano wansembe asanakuthire n'komwe madzi. Nsalu imeneyo sunandibwezerebe."

Ndinasiya kunola khasu. Munthu amene ndinkafuna kumubweza pakhomo ndiye anali mboni imene ndinkaipempha kwa Mulungu. Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwalemba.

Mawa lake ndinawakweza mayi Dominga panjinga mpaka kumishoni. Wansembe anawafunsa mafunso ambiri, iwo ndikuyankha osadodoma, ngakhale dzina la mayi wa ubatizo wa Rozina analikumbukira. Anaika dzanja pa Baibulo nalumbira, kenaka anadinda chala papepala. Maina athu analengezedwa m'tchalitchi Malamulungu otsalawo, ndipo diresi linatuluka m'bokosi.

Pa Khirisimasi mvula inagwa m'mawa, nyenyezi zanga zamapepala zina zinanyowa ndi kugwa. Mpunga sunakwane onse. Mayi Dominga anakhala pamalo a amake a mkwatibwi, atavala chitenge chatsopano chimene Rozina anawagulira pobweza nsalu ija. Nthawi ya Ukaristia itakwana, mkazi wanga anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo benchi lake linatsala lopanda munthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiwerengere kuchedwa kwanga. Inu amene mukudikira chinthu chimene chikuoneka kuti chatsekeredwa kutsidya, musaleke kupemphera. Chimene mungachite lero musachisiyire mawa monga ndinachitira ine, ndipo mlendo akaima pakhomo panu, muyambe mwamufunsa za kwawo. Mayi Dominga tikukhala nawo mpaka lero, ndipo Lamulungu lililonse iwo ndi Rozina amapita kuguwa motsogozana, ine pambuyo pawo.