Mbiri ya Malemu Teunis Slingerland, Mwini Mtengo Wotchedwa Neeltje

Abusa, akuluakulu a mpingo, anamfedwa anzanga, ndi nonse amene mwaponda chisanu kubwera kuno. Ine ndine Lieke, mdzukulu wa malemu. Sindinayankhulepo pagulu chibadwire. Mbiriyi akanawerenga ndi amalume Evert monga mwana woyamba, koma agogo anachita kulemba okha, ndi dzanja lamanzere, kuti ndiwerenge ndine.

Malemu Teunis Slingerland anabadwa pa 9 Malichi 1941 konkuno ku Boskoop. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Njala ya nthawi ya nkhondo inawapeza ali aang'ono, ndipo mpaka imfa yawo sankataya ngakhale kachidutswa ka buledi. Atamaliza pulayimale anaphunzira za mitengo kwa zaka ziwiri. Ntchito anayamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu, yopalasa bwato lonyamula mbande m'ngalande zathuzi. Kenako anaphunzira kumezanitsa mitengo, ntchito imene anagwira zaka makumi asanu ndi kampeni kamodzi komweko, mpaka kanatha ngati tsamba la udzu.

Mu 1966 anamanga banja ndi Neeltje Verburg, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri: amalume Evert ndi amayi anga, a Hanneke. Agogo aakazi anatisiya mu 2009. Mu mpingo uno malemu anatumikira ngati dikoni zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ankaimba besi m'kwaya. Januwale aliyense, nthambi za mtengo wa hamamelisi zimene munkaziona patebulo la kutsogolo ankabweretsa ndi iwo panjinga.

Mtengo umenewu ndiwo unali moyo wawo. Ankati amaukonda chifukwa umachita maluwa mitengo ina yonse itagonja, wopanda ndi tsamba lomwe, timaluwa take tonga timaulusi tikupindika kukazizira n'kutambasuka dzuwa likatuluka. Zipatso zake zimaphulika n'kuponya njere kutali, ndiye ankazimanga m'masokosi akale a agogo aakazi. Njere imagona m'dothi nyengo ziwiri zozizira isanamere, ndipo maluwa oyamba umawadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Yambiri imakhala yachabechabe, yongozula.

Koma mu 1998 mtengo umodzi unachita maluwa ofiira ngati makala a moto. Odziwa mitengo muli pano mukudziwa kuti ofiira sanunkhira kwenikweni. Uwu unkanunkhira. Agogo aakazi anamva fungo lake ali pakhomo la khitchini, n'kufunsa kuti, "Teunis, wagula sopo wanji?" Malemu anayankha kuti, "Si sopo. Ndi iweyo." Kuyambira tsiku limenelo mtengowo unatchedwa Neeltje. Woyambawo unafa chaka chimene madzi anadzaza m'munda, koma anali atamezanitsa kale kanthambi kake pa tsinde la hamamelisi wamba. Unatsala umodzi wokha padziko lonse, kuseri kwa shedi yawo. Sanathamangire kukaulembetsa dzina. Ankati mtengo umanama zaka zake zoyamba, uyenera kuuyang'ana kaye.

Ine ankanditchula Kambewa, poti sindinkayankhula. Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Kambewa, chikwangwani cha dzina la mtengo usamachikhulupirire, chimalembedwa ndi munthu. Gwira tsamba." Tsamba la Neeltje kunsi kwake kuli cheya ngati khutu la mphaka. La tsinde wamba lija ndi losalala, ndipo maluwa ake amabwera mu Okutobala, tachikasu tating'ono tobisala m'masamba. Tsindelo limatulutsa mphukira zake pansi, ndipo chaka chilichonse tinkazizula. "Ukazisiya," ankatero, "wantchito alanda nyumba ya bwana."

Mu Novembala 2020 malemu anadwala sitiroko. Mbali yakumanja inafa, mawu anatsekeka, koma nzeru zawo zinali zonse. Ndikubwereza: nzeru zawo zinali zonse. Amalume Evert, amene amagulitsa mipando ya panja ndi miphika ya maluwa, anakawasiya kunyumba yosungirako okalamba, n'kukhoma loko pachipata cha munda. Zaka ziwiri panalibe wozula mphukira. Zinakula zowongoka, zonenepa, kupitirira nthambi zenizeni.

Apa ndi pamene pali zimene sindinauzepo ngakhale amayi.

Mu Ogasiti 2022 amalume anandiitana kumundako, ndowa ili m'manja. Anati, "Iwe Kambewa, paja mdala uja anakuphunzitsa zimenezi. Ndidulire tinthambi. Ndikufuna mitengo mazana anayi, ndipo dzina lake likhala Moto wa Evert."

Ndinafunsa kuti, "Nanga dzina la agogo aakazi?"

Anaseka. "Akufa sagula mitengo, mwana iwe. Neeltje? Dzina ngati la ng'ombe ya mkaka limenelo, agule ndani?"

Amanena amayi awo owabereka.

Kenako analoza mphukira zija. "Usandidulire zokhotakhota zokalambazo ayi. Dula zathanzizi, ukuziona?"

Ndinagwira tsamba. Linali losalala. Ndinati, "Zimenezi zimagwira msanga, amalume." Sindinaname. Zimagwiradi msanga. Ndinadula zonse zimene analoza, n'kuchotsa masamba ake monga timachitira kuti tinthambi tisafote, moti aganyu omezanitsa anangolandira timitengo topanda tsamba. Amalume ali pafoni, ndinadula tinthambi tisanu tokhotakhota n'kutilowetsa m'jombo yanga.

Mwezi wotsatira amalume anabweretsa makina okumba. Anazula Neeltje n'kumuwotcha, kuti pasapezeke wina wokhala naye. Mtengo umene malemu anausamala zaka makumi awiri ndi zinayi unatha masana amodzi. Atauzidwa, agogo anatembenukira kukhoma, ndipo sabata yathunthu anakana supu. Ine ndinali nditamezanitsa kale tinthambi tanga kuseri kwa shedi ya njinga kwathu, mpaka ndinadzicheka chala ichi. Koma sindinawauze. Ndinkaopa kuti tinthambito tonse tifa, ndiwaphe kawiri. Tiwiri tinafadi.

Mitengo yawo amalume anaitsekera m'nyumba ya pulasitiki, osalola wodziwa mitengo aliyense kusuzumiramo, poopa akuba. Akanalola mmodzi yekha mwa anzawo a agogo amene mwakhala kumbuyoko, akanawauza chilimwe choyamba chomwe. Okutobala wathayu mitengo mazana anayi inachita maluwa. Tachikasu, tating'ono, tobisala m'masamba.

Tsiku limenelo ndinali m'chipinda cha agogo, ndikuwameta ndevu. Amalume analowa osagogoda. "Mwandipusitsa, mdala inu! Mtengo wanu wotchukawo ndi chitsamba cha m'tchire! Ndaitana kale anthu kudzaona, ndiwauza chiyani?" Anakalipira munthu wosatha kuyankha, sopo ali kumaso. Ine ndinaima pomwepo, lumo lili m'manja.

Atatuluka ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse. Agogo anandiyang'ana. Kenako anayamba kuseka, ndi theka la pakamwa lomwe linkagwira, mpaka namwino anathamangira poganiza kuti atsamwa. Anakoka kabolodi kawo kolembapo n'kulemba kuti, "Ingati?" Ndinaimika zala zitatu. Anafufuta n'kulembanso: "Zula mphukira." Pansi pake: "Dikira Januwale."

Ndinadikira. Koma m'miyezi itatu imeneyi amalume anayenda mudzi wonse kunena kuti bambo awo mutu unasokonekera kalekale, kuti mtengo wofiira wonunkhira kunalibe, ankangodzinamiza okha. Ena mwa inu munavomereza. Ndinakumvani kogula buledi: "Paja a Teunis anali atayamba kale kuzungulira mutu." Ena mwa onenawo munanunkhizapo mtengowo ndi mphuno zanu, khofi wa agogo aakazi ali m'manja. Mayina sinditchula. Mukudzidziwa. Inenso ndinali pamzere womwewo ndipo ndinangoyang'ana pansi. Tchimo langa ndi limenelo, ndipo ndi lokhalo limene ndikulapa.

Malemu anadwala chibayo pambuyo pa Khirisimasi. Anatisiya Lolemba pa 13 Januwale 2025, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu. Maluwa oyamba pa mitengo yanga anatsegula Lachitatu. Masiku awiri okha. Kuyambira pamene chipata chija chinakhomedwa, agogo sanamvenso fungo la mkazi wawo, ndipo amene anawamana ali pabenchi loyambali, atavala tayi yakuda.

Abusa, munandiuza dzulo kuti ndikhululuke. Ndinamva. Koma agogo anandiphunzitsa kuti njere imagona nyengo ziwiri isanamere. Njere yanga ya chikhululukiro sindinaifese n'komwe.

Kanthambi kamene kali pabokosipo ndadula m'mawa uno. Potuluka aliyense adutse pomwepo, awerame, anunkhize, kenako akanene kogula buledi zimene mphuno yake yamva. Amalume, inunso mudutse. Kununkhiza sindikukanizani. Koma musavutike kukalowetsa m'thumba la jekete: kanthambiko katsikira m'manda ndi agogo. Mitengo itatu ija yachoka kwathu m'mawa womwewu, ili m'manja mwa anthu atatu odziwa kugwira tsamba. Makalata olembetsa dzina anatumizidwa mu Novembala, malemu atasaina okha ndi dzanja lamanzere. Dzina lake ndi la ng'ombe ya mkaka lija. Mazana anayi anuwo ndi anu ndithu, munasankha nokha. Mukhoza kuwatcha Moto wa Evert.

Malemu asiya mchemwali wawo, a Jannigje, amene ali ku Gouda ndipo alephera kubwera chifukwa cha miyendo. Asiya mwana wamkazi, a Hanneke, amene ankawachapira ndi kuwadyetsa Lamlungu lililonse. Asiya mwana wamwamuna mmodzi. Asiya adzukulu anayi, ndi Neeltje atatu.

Agogo, mphukira ndizizula.

Apumule mu mtendere, pambali pa mwini dzina.