Mawotchi a Siziyamu Sakufuna Alendo

Olemekezeka Wapampando wa bungwe lathu la miyezo, olemekezeka Mkulu wa bungweli, Mayi Injiniya amene mumasamala mawotchi, pamodzi ndi anzanu, atolankhani, amayi ndi abambo amene mwafika pa nthawi yake, ndi inu amene mukulowa kumene, khalani pansi, takuonani.

Ndikuthokoza pondiitana kudzatsegulira chipinda cha mawotchi a siziyamu. Ine sukulu ndinalekezera ku sekondale, ndiye za maatomu musandifunse. Ndauzidwa kuti mawotchi amenewa amawerenga nthawi ndi kunjenjemera kwa maatomu a chitsulo chotchedwa siziyamu, ndipo pamene adzataye sekondi imodzi, ife ndi zidzukulu zathu tidzakhala titaiwalika kalekale. Komabe amasuntha, pang'ono zedi, ndipo ntchito ya Mayi Injiniya ndi kudziwa kuti akusunthira kuti.

Pamenepo ndiye ndikumva, chifukwa bambo anga ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo. Akakonza wotchi sankaibweza tsiku lomwelo; ankaiika m'dirowa, n'kumaiyerekeza ndi wailesi m'mawa uliwonse. Kasitomala wina anakalipa: "Achimwene, wotchiyo mukuikonza kapena mukuifungatira ngati mazira?" Bambo anati, "Yochedwa mofanana tsiku lililonse sindiiopa, ndimaidziwa. Yoopsa ndi yolondola lero, mawa kaya. Isiyeni ndione khalidwe lake."

M'mawa uno ndapeza mkangano mkati muno. A Mkulu a bungwe amafuna kuti tonse tilowe m'chipinda cha mawotchi, tijambulitse pafupi ndi mawotchiwo. Mayi Injiniya anaima pachitseko. Anati, "Bwana, miyezi yonseyi ndakhala ndikuyerekeza wotchi yatsopano ndi awiri akalewa, chipinda osatenthako, osazizirako. Mukalowa gulu lonseli, ndi thukuta lanu ndi mafoni m'matumba, sindidziwanso ngati chasintha muyeso ndi wotchi kapena alendo. Ndiyambiranso poyamba." A Mkulu anati, "Mayi, mukukaniza mlendo wolemekezeka? Tionana Lolemba mu ofesi mwanga."

Bwana Mkulu, musayang'ane pansi, cholinga chanu chinali chondilemekeza, ndipo ndalemekezeka. Koma Lolemba palibe mlandu. Wokanizidwa ndine, ndipo sindinadandaule kwa wina aliyense. Makampani a mafoni ndi mabanki adzidalira nthawi ya m'chipindamo, ndipo sadzafunsa kuti chithunzi cha lero chinatuluka bwanji. Munthu amene sanachite mantha ndi tayi yangayi ndiye woyenera kusunga mawotchi amenewa. A Wapampando, mwavomera ndi mutu, ndipo atolankhani aona.

Pakhoma pali zenera lagalasi. Tisuzumira pamenepo awiriawiri, osagogoda, osatsamira. Riboni imangidwe kunja konkuno.

Tsopano, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda cha mawotchi a siziyamu chatsegulidwa mwalamulo. Mayi Injiniya, kiyi nayu. Kiyani chitseko chanu, mupitirize ntchito.

Zikomo kwambiri.