Pilokesi Yanga Pachingwe cha Wina

Inu owerenga makalata pawailesi, dzina langa musalitchule. Ndine mayi wa mwana mmodzi ku Wimbe, ndipo ndili ndi satifiketi ya zosokasoka.

Khirisimasi itayandikira, ndinasoka mapilokesi awiri oyera, ina yanga, ina ya amuna anga. Ndinaboola nyenyezi pakatoni, n'kuzijambula papepala ndi inki ija imalowa m'nsalu ikamva moto, kenako ndinadinda ndi simbi yamakala. Ndikudinda yawo, mwana analira, simbi inakhalitsa n'kuwaula pakona.

Sabata yomweyo amuna anga anatenga kuponi, amvekere ku Mtunthama anthu akugona pamzere wa feteleza. Ananyamula pilo yawo. Ine chisoni, mpaka ndinawakazingira mtedza wa panjira. Feteleza anabwera naye, koma pilo akuti anaberedwa.

Mu Januwale, ndikupita ndi mwana kusikelo ku Mtunthama komweko, ndinaiona pilokesi ija itayanikidwa kuseri kwa nyumba ina, pambali pa zitenje za mzimayi. Nyenyezi zanga zomwe, kuwauka kwa pakona komwe.

Ndinakawauza apongozi anga aakazi. Sanadabwe n'komwe.

"Amake mwana, inki yatsala, eti? Dindani ina, nkhani ithe. Fodya akudikira kupalira."

Ndiye kuti ankadziwa. Mwina mudzi wonse unkadziwa pamene ine ndinkapemerera makala m'simbi.

Amuna anga sindinawafunsebe. Ndikuopa yankho, mwananso akadayamwa. Wogulitsa inki anandiuza kuti sisuluka ngakhale wina achape chotani. Sananame. Amayi anzanga, ndiyambire pati?