Tsiku Limene Lufeyo Ananditcha "Inu"

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Chisepo. Ndikufuna mumve momwe Mulungu anandilanditsira njinga yanga yamoto ya kabaza, imene imadyetsa ana anga.

Pali munthu wina dzina lake Lufeyo, wogula soya mumsika. Chaka chatha anandidya ng'ombe zanga ziwiri zapangolo pa masewero a makadi otchedwa poka. Kudyedwa kokhako ndikanapirira, koma iye ankadutsitsa ng'ombezo pakhomo panga dala, n'kumakuwa mkazi wanga akumva kuti, "Iwe, zapereka moni izi!" Mwana wadzulodzulo, wobadwa ine ndikumeta kale ndevu, kumanditcha "iwe". Ndinamuda, sindibisa. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, muperekeni m'manja mwanga ndimusiye ndi kabudula yekha.

Tsiku la msika masana tinakhalanso kuseri kwa tiyirumu, ine, iye ndi a Chimkono ogulitsa nyama ya nkhumba. Nditatsegula makadi anga ndinapeza makingi atatu ndi mateni awiri. Odziwa masewerowa akudziwa kuti makadi otere munthu sataya. Ndinati yankho la pemphero langa lija lafika. Lufeyo anabetcha ng'ombe zija, a Chimkono nkhumba yawo yaikazi, ine ndinatulutsa kiyi wa njinga.

Kiyi akadali m'manja, Lufeyo anamwetulira. "Ikani, achimwene," anatero. "Inu ndinu akuluakulu, musaope."

Inu? Achimwene? Chibadwire mnyamatayu sanandilemekezepo. Ulemu wabwera lero ukufuna chiyani? Mumtima ndinamva mawu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma ng'ombe zanga zinali pomwepo, mkwiyo ukundiuza kuti ponya kiyi. Ndinalimbana nawo mpaka thukuta, kenaka ndinavundikira makadi aja pansi n'kubweza kiyi m'thumba.

Anthu anandiseka kuti ndine wamantha. A Chimkono anapitiriza, ndipo Lufeyo anayala maesi onse anayi, makadi oposa anga aja. Nkhumba inapita. Koma nkhope ya Lufeyo mukanaiona! Nkhumbayo sankaifuna, ankafuna njinga yanga, moti anali atauza kale anzake kuti abwerera kwawo atakwera.

Abale, Mulungu sanandipatse zimene ndinapempha, koma anatsegula makutu anga, ndipo ndikumuthokoza. Inunso musafooke, ndipo mdani akayamba kukulemekezani, gwirani thumba. Makadi ndinawasiya tsiku lomwelo. Ng'ombe zija anadzamudyanso wina wa ku Mvera, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono.

Sabata yatha ndinamupeza Lufeyo akukwera chitunda cha ku Ntchisi wapansi, thumba la soya pamutu, dzuwa likuswa mtengo. Anandibayitsa ndi dzanja kuti ndimunyamule. Ndinachepetsa liwiro, ndinaliza hutala, n'kumupatsa ulemu wake wonse: "Mwaswera bwanji, inu achimwene? Yendani bwino."