Mayi Joice Muhiwa, Amene Tinawaombera M'manja Akutitsazika

Malemu Mayi Joice Muhiwa, achemwali anga, anabadwa pa 14 Malichi 1978 kwa Milonde, m'banja la ana asanu. Ine ndine Simon Muhiwa, mwini mbumba. Pepala limene andipatsa m'mawa uno likuti malemu atisiya atadwala malungo kwa nthawi yochepa. Ndalipinda, lili m'thumbamu. Bodza limenelo sindiwerenga, chifukwa mwana wa malemu, Sharon, wayamba matenda enieni amene anavutitsa mayi ake, ndipo amene alemba pepalali ndi omwenso akuti amusamalira.

Sukulu anayamba mu 1985, nalekezera Sitandade 7. Mu 1997 anakwatiwa ndi Bambo Golden Nakoma, alamu anga, awo atchena suti yakuda kutsogoloko. Mu 1999 analembedwa ntchito yothyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Chitakale, ndipo dengu linakhala kumsana kwawo zaka zoposa makumi awiri, mvula ndi dzuwa.

Mu 2016 anayamba kumva mawu amene ife sitinkawamva, tulo osaona. Anagonekedwa miyezi iwiri kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Atabwerako ankabayitsa jakisoni kamodzi pamwezi kuboma. Zaka zisanu ndi ziwiri zathunthu anali bwinobwino, kuntchito akupita, kukwaya akuimba, kumsika pa Chonde akugula okha. Inu amene munkati "wamisala uja" munkabwerabe kudzapempha mchere kwa wamisala yemweyo.

Mu 2022 kunabwera madokotala ochita kafukufuku wofuna kudziwa chimene chimachititsa odwala maganizo ena kudzichotsa moyo. Malemu analowa nawo mwakufuna kwawo, ndipo achibale tinaitanidwa. Anamwino, Mayi Rehema, anatiuza m'Chichewa chomveka ndi mwana yemwe: "Mankhwala asasiye. Mukadzaona kuti akugawa katundu wawo, kapena angoti phee mwadzidzidzi atavutika nthawi yaitali, musadikire mawa, thamangani nawo kuno." Alamu analipo, akugwedeza mutu. Chimene anatolapo tsiku limenelo ndi botolo la zoziziritsa kukhosi basi.

Mu Januwale 2024 kunatulukira mneneri Pilato, yemwe dzana lomweli ankaotcha chimanga pa siteji ya maminibasi. Anati jakisoni amanenepetsa chiwanda. Alamu ndi azakhali ena anatentha kabuku ka kuchipatala, nakawasiya malemu kumsasa wa mapemphero, masabata asanu mwendo uli pa unyolo ngati mbuzi yodya mmera wa eni. Ine ndinamva, koma ndinati za m'nyumba ya eni sindilowerera. Uchitsiru umenewo ndi wanga, ndipo ndidzafa nawo.

Pa 4 Malichi anabwerera kunyumba ali phee. Anagawa zitenje zawo zonse, mapoto, ngakhale dengu la kuntchito. Anayenda khomo ndi khomo kuthokoza anthu. Nanga inu munatani? Lamlungu munawaimika kutsogolo m'tchalitchi kuti apereke umboni, nthungululu kuti lululu, ati achira mpaka asanduka opatsa! Kalanga ine! Munthu akukutsazikani, inu muli kalikiliki kulimbirana zitenje. Ena mwazivala pano, ndikuziona, ndipo ndinu amene mukulira mokweza kuposa ana a malemu.

Pa 12 Malichi 2024 masana, malemu anadzichotsa moyo, kutatsala masiku awiri kuti akwanitse zaka 46. Mneneri uja sanabwere. Akuti maliro otere amadetsa kudzoza kwake. Wachita bwino, watipulumutsira mpando.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Dan, Prince ndi Sharon, komanso zidzukulu ziwiri. Tikuthokoza adzukulu amene akumba manda, amayi a kuesiteti amene atunga madzi chiyambire dzulo, ndi Mayi Rehema, amene anapalasa njinga kawiri kudzafunsa chifukwa chimene malemu sakuonekera ku jakisoni, nkubwezedwa pakhomo ngati wogulitsa makala onyowa.

Ndamva kuti mwapangana kale zomutengera Sharon kumsasa kuja maliro akangotha. Alamu, pepani, mbumba iyi ndi yanga. Sharon achoka pano ndi ine, ndipo Lachiwiri tikakhala pa mzere kuchipatala. Wofuna kumupempherera akatipeze pa benchi pomwepo.

Achemwali, tinakulakwirani, ine woyamba. Mzimu wanu uuse mumtendere. Mwana wanu, ine ndili moyo, unyolo sudzamukhudza.